Tinawasiyira Mipando ku Thanthwe Lobooka

Inu mukuti mizimu imayenda usiku wokhawokha? Musandiseketse. Zanga ine zinachitika dzuwa likuswa mtengo, ndili ndi mwendo wa nkhuku m'manja, kumutu chipewa chatsopano. Takankhirani chikunicho kuno, msanawu wazizidwa, ndikuuzeni zimene zinatichitikira ku Joni. Wofuna kutsutsa atsutse ndikamaliza.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ya m'nyumba m'tauni ina ya kufupi ndi nyanja yamchere, kummwera kwenikweni, kumene eni dziko amayankhula mothethetsa lilime. Amalawi tinalipo ambiri ndithu: ena atelala, ena osamalira maluwa m'mayadi, ena alonda, ena a m'masitima ogwira nsomba. Tinali ndi bungwe lathu la maliro. Mnzathu akatisiya, ife tinkathamangathamanga mpaka thupi likwere galimoto likagone kwawo. Ndiye chaka china chikupita kumapeto, wina pamsonkhano anati, "Koma abale, ife tizingokumana polira basi? Tiyeni tsiku lina tikaone dziko, tikaseke ngati anthu." Tonse m'manja phuphuphu. Tinapeza basi yaikulu ija ya mipando yofewa, yotengera alendo kokaona malo, yobwera ndi dalaivala wake komanso munthu wofotokoza za m'njira. Ulendo unali wopita m'mawa n'kubwerako madzulo, wokaona thanthwe lina lalikulu loima m'nyanja, lobooka pakati.

M'gulu mwathu munali mayi wina wa ku Ntcheu, Namaseko. Munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Ine ndine wolongolola, mukundidziwa, ndiye tinkagwirizana: ine kuyankhula, iye kumvetsera. Mwamuna wake ankagwira ntchito m'sitima ya nsomba. Tsiku lina kunachita mkuntho, sitimayo n'kubwerera kudoko anthu ena mulibe, mmodzi mwa iwo ali iyeyo. Anzake anati anagwera chakufupi ndi gombe lomwelo la thanthwe. Thupi silinapezeke. Ife a bungwe, amene tinatumiza anthu ochuluka kwawo, tinangoti manja lende, tilibe choika m'bokosi. Namaseko anachita kubwera kuchokera kumudzi kudzafufuza, n'kungokhaliratu, akuchapa zovala za eni, akudikira. Mvula inagwa n'kutha, inagwanso n'kutha.

Kumudzi akuluakulu anati aike thunthu la nthochi m'manda, monga timachitira thupi likasowa, kuti maliro atsekedwe. Koma apongozi ake, mayi wobereka mwamunayo, anakana kwamtuwagalu. Anati nthochi si mwana wawo. Mwana wawo ali m'madzi ozizira kudziko la eni, ndipo palibe amene anamuuza njira yobwerera. Tsopano gogoyo anali atadwala, chakudya chikukana kulowa, koma mtima osalola kugona. Ndiye anatumiza mawu pafoni: "Namaseko, pitani pamene anathera mwana wanga. Mukamuitane ndi dzina limene ndinamupatsa ine. Mukamusiyire malo m'galimoto. Mukadzandiuza kuti wanyamuka, ine ndidzapumula."

Zimenezi ine ndinazidziwira m'basi momwemo. Ndinakwera ndi phokoso langa, n'kulunjika pamene panali Namaseko. Anali atakhala chakukanjira, mpando wa pazenera uli wopanda munthu. Ndikuti ndidutse ndikhalepo, iye dzanja pampando.

"Pepani achemwali, pano pali mwini wake."

"Ndani? Watsalira kuti? Basi ikunyamukatu iyi."

"Akwera pobwerera."

Ndinamuyang'ana, iye osaphethira. Ndinakhala tsidya lina la kanjirako, ndipo basi itayamba kuyenda anandinong'oneza zonse ndakuuzanizi. Koma pakamwa panga sipagona.

"Ndiye dzinalo mukalitchula ndinu? Inuyo? Chikudziwireni ine sindinamvepo kuti bamboyo dzina lawo ndani."

"Ndi chimene chikundisowetsa mtendere," anatero. "Chikwatiwireni silinatulukepo pakamwa panga. Kwathu mkazi wolangidwa satchula dzina la mwamuna wake. Ndimangoti abambo a Sitela. Ngakhale kuchipatala akandifunsa, ndinkachita kukodola alamu kuti anene ndi iwo."

"Aaa, inunso! Ine wanga uja ndinkamutchula dzina lake ndi la agogo ake lomwe, makamaka akabwera ataledzera. Lero mutchula basi. Lilime silithothoka ayi."

Anangomwetulira, akusisita nsalu ya mpando uja ndi chikhatho.

Wotifotokozera za m'njira anali mtsikana wa komweko, dzina lake Vuyiswa, wamfupi, wochangamuka, chokuzira mawu chili m'manja. Ankayankhula Chingerezi, ife omvako pang'ono tikumasulira anzathu, mwina n'kuwonjezerako zathu. Anatisonyeza mapiri obiriwira otsatizana osatha, nyumba zozungulira zopaka utoto, nkhosa zogona pakati pa msewu ngati msewuwo ndi wa bambo awo. Ife nyimbo zili pakamwa, zakumwa zikuyenda, achinyamata akujambula chilichonse ndi mbuzi zomwe. Kutsogolo kwenikweni kunakhala a Likagwa, mkulu wa tonsefe, amene anapita ku Joni nthawi ya Theba, bungwe lija linkalemba anthu a kumigodi, akadali mnyamata ndipo sanapondenso kwawo ku Mulanje. Mtchona weniweni. Chichewa chawo chinali chitachita dzimbiri, komabe pamaliro ndiwo ankayankhula ndi womwalira galimoto isananyamuke. Paja mukudziwa kuti maliro osauzidwa za ulendo amakanitsa galimoto kuyenda.

Titafika pamwamba pa phiri lomaliza, dalaivala anatseka wailesi popanda womuuza. Vuyiswa nayenso anatsitsa chokuzira mawu chija. Msewu unayamba kutsetsereka mokhotakhota, ndipo kumunsi tinaiona nyanjayo. Abale inu, yathu ino ili ndi tsidya. Ijayo ilibe. Imangopita, mpaka maso ako atatopa okha.

Patsinde pa phirilo, pamene msewu umasiya kutsetsereka, panaima bambo wina. Jekete lalitali lachikale, sutikesi yachitsulo ili pansi, thalauza lonyowa mpaka m'mawondo chonsecho kunja kuli dzuwa. Sanaimitse basi. Anangovula chipewa n'kumatiyang'ana tikudutsa, maso ake akuyenda zenera ndi zenera.

"Sutikesi ngati imeneyo ndi imene ndinabwera nayo ine," anatero a Likagwa. "Anasiya kalekale kupanga zimenezo."

Ndinamufunsa Vuyiswa kuti bamboyo akudikira galimoto yanji kutchire ngati kumeneko. Iye anandifunsa kuti bambo wake uti. Ndikuti ndicheuke ndimulozere, fumbi linali litatseka kumbuyo konse.

Tisanatsike, Vuyiswa anatipatsa lamulo limodzi. "Jambulani, idyani, viikani mapazi m'madzi. Koma pasapezeke woima moyang'ana bowo lija n'kukuwa kapena kuitana. Agogo athu amati lija ndi khomo, ndipo kuseri kwake kuli amene nyanja inawasunga. Amamva." Achinyamata anaseka, wina n'kuti ndi nkhani zokometsera ulendo. Ine ndinamumasulira Namaseko. Anati iye sakakuwa ayi, akangonong'ona dzina limodzi basi.

Tinadutsa m'kankhalango ka mitengo yopindikapindika, amuna awiri akulimbana ndi chimphika chathu cha mpunga ndi nkhuku, akudandaula kuti azimayi tinaphika ngati kuli ukwati. Mwadzidzidzi tinatulukira pamchenga, ndipo nyimbo zonse zinatha zokha.

Thanthwe lija linali litaima m'madzi palokha, lalitali kuposa tchalitchi chilichonse chimene ndinalowamo, lakuda m'munsi, pamwamba pake udzu ndi mbalame zoyera. Pakati pake bowo, loti basi yathu ikanalowamo osakhudza m'mbali. Funde likabwera kuchokera kuseri linkadzaza bowo lonselo, n'kuphulikira mbali yathu ndi mawu amene sunkawamva ndi makutu okha, ankakugunda pachifuwa. Duu! Kenako zii. Duu! Ngati wina akusinja mumtondo waukulu pansi pa dziko. Ine amene sindisowa chonena ndinangoti kukamwa yasa. Ndinachita mantha, komanso ndinafuna kugwada, sindinama. Pamchengapo panagona ng'ombe zambirimbiri zopanda mbusa, zonse zitayang'ana kubowoko, zikubzikula mwakachetechete.

Pang'ono ndi pang'ono anthu anamasuka. Tinavula nsapato n'kuzisiya pamiyala, tinayala zitenje, mbale zinayamba kuyenda. Ena anadzaza madzi a m'nyanja m'mabotolo kuti akatumize kumudzi. Ine ndangoluma nkhuku yanga kamodzi, ndinaona Namaseko akupita yekha kumadzi, mbale yake osaikhudza. Ndinamutsatira chapatali, nkhuku ili m'manja.

Anafika pamene mafunde amathera, n'kugwada, chitenje chonse m'madzi. Anawomba m'manja mwaulemu. Ndinaona milomo yake ikuyenda, koma mawu osatuluka. Anayesanso. Khosi likugwedezeka, misozi ili chuchuchu, dzina osabwera. Anadzimenya pakamwa ndi chikhatho, anayesanso, ayi ndithu. Munthu amene waphunzitsa lilime lake ulemu moyo wake wonse, sungalisinthe tsiku limodzi. Ine mumtima ndikuti, tchulani mayi inu, tchulani tizipita.

Kenako anaimirira. Mayi wofatsa uja, amene mawu ake sankafika kukhomo la chipinda, anatambasula manja moyang'ana bowo lija n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse:

"Ndabwera kudzakutengani! Mwakhalitsa kudziko la eni! Basi ili kumtundaku, tiyeni kumudzi!"

Funde lotsatira silinabwere.

Tinadikira. Aliyense anasiya kutafuna. Bowo lija linangokhala poyera, madzi a m'menemo ali bata ngati a m'beseni, kuwala kwa tsidya linalo kukuonekera. Mbalame za pamwamba zija zinati zii. Ndiye ng'ombe zonse zinadzuka nthawi imodzi, popanda wozikusa, zina n'kusunthira uku, zina uko, pakati n'kusiya mpata waukulu wochokera kumadzi kulunjika kukankhalango kaja.

Vuyiswa anabwera akuthamanga, n'kundigwira mkono. "Wanena chiyani mayiyu? Wanena chiyani m'chiyankhulo chanu?"

Ndinamumasulira.

"Watchula ndani?"

"Sanatchule munthu."

Mtsikana uja nkhope inagwa. Anayang'ana kumadzi, anayang'ana mpata wa ng'ombe uja, n'kunena motsitsa kuti aliyense atenge zake tizipita, ndipo pasakhale wothamanga.

Zake ziti? Titapita pamiyala paja, nsapato palibe ndi imodzi yomwe. Chimphika chija, chimene amuna awiri ankachita kupumira m'njira, chinali chitachoka, pamchenga patangotsala chizindikiro chake chozungulira. Mabotolo a madzi, maambulera, chikwama changa, zonse zapita. Mayi wina anayamba kutukwana akuba. A Likagwa anamugwira paphewa n'kumulozera pansi. Pamchenga wonyowa panali mapazi. Ambirimbiri, opondana pondana. Ena opanda nsapato, zala zotakasuka ngati za anthu olima, ena a majombo olemera a kumigodi, ena ang'onoang'ono a ana. Onse ochokera m'madzi kupita kumtunda. Pamalo amenewo opita kumadzi analipo a anthu awiri okha, a Namaseko ndi anga.

Tinayenda m'kankhalango kaja chopanda nsapato, phee, tikuponda m'mbali kuti tisafufute mapazi a eni. Titafika pabasi tinapeza nsapato zathu zitandandalikidwa bwinobwino pakhomo, iliyonse ndi inzake. Chimphika chinali chitalowa kale m'malo a katundu pamodzi ndi zina zonse zinasowa zija, pa chivundikiro chake pali madzi ndi mchenga. Ndinazindikira kuti si akuba. Ndi anthu akwathu, oleredwa bwino, amene sangakwere galimoto ya eni manja ali m'thumba osathandizako kunyamula katundu.

Dalaivala, bambo wonenepa wa komweko amene anatsala m'basi kuti agoneko, tinamupeza ali panja, ataima patali, fodya ali m'zala. Anamuuza Vuyiswa kuti anadzidzimuka basi ikupendekera kukhomo, n'kubwerera, n'kupendekeranso, monga imachitira anthu akamakwera. Anati anadzuka kuti atilandire, koma pakhomo panalibe munthu, ndipo kupendekerako sikunasiye.

Tinakwera, nanga tikanatani? M'katimo munali mozizira ngati m'mawa wa mwezi wa Juni. Kanjira ka pakati kali konyowa. Fungo la mchere, la zovala zokhalitsa m'madzi, ndi kafungo ka fodya wachingambwe amene ankasuta agogo anga aamuna. Mazenera anachita nthunzi cham'kati. Ndinakhala pampando wanga, maso akuona kuti kanjira kali pululu, koma phewa langa likumva kupanikizika monga muja umamvera m'minibasi yodzaza. Wina anali ataima pafupi nane. Sankandikankha ayi, ankachita kudzibweza kuti asandinyowetse. Chakumbuyo kunamveka chifuwa chouma cha munthu wamkulu, chonsecho kumbuyoko kunakhala atsikana okhaokha. Pansipansi, kunsi kwa kulira kwa injini, kunkamveka manong'onong'o. Mawu sindinawagwire, koma kayankhulidwe kake kanali kakwathu: pena ngati Chichewa, pena Chiyao, pena Chitonga. Namaseko anakhala chowongoka, dzanja lili pafupi ndi mpando wa pazenera uja, osaukhudza.

Basi inanyamuka ikubuula. Tinayenda pang'onopang'ono mpaka patsinde pa phiri, pamalo paja panaima bambo wa sutikesi. Pamenepo inapendekeranso kamodzi kukhomo, chitseko chili chitsekere. Dalaivala anaika giya, injini inalira, basi inakwera pang'ono n'kuima. Anayesanso, utsi kuti tolo, matayala akungozungulira pamodzimodzi, kenako tinayamba kubwerera chambuyo. Azimayi anakuwa. Dalaivala anaponda buleki, anatsika, anayang'ana matayala n'kugwira kumutu. Anali ataphwatalala ngati a lole yonyamula simenti. Kunyanja kuja chifunga chinali chitadzuka, chikubwera cha kwa ife, ndipo mtondo uja unali usanayambirenso kulira.

Vuyiswa anabwera pamene panali Namaseko, n'kundipempha kuti ndimasulire. Anati amene anaitana ndi amene angakonze. Atchule dzina la wake, wakeyo atsala, ena onsewo awauze abwerere kumene achokera. Apo ayi, basi iyi sikwera phiri ili.

Anthu atamva anayamba kulusa. "Tchulani dzina, mayi! Tili ndi ana kunyumba ife! Mawa tikulowa ntchito!" Inenso ndinapsa mtima, mantha akandigwira ndimakalipa. "Achemwali, ulemu wanuwo utiphetsa! Kadzina kamodzi kokha! Tchulani enawa atsike!"

Namaseko anandiyang'ana, maso ali psuu. "Ndiwabweze bwanji, achemwali? Ndawaitana ndine. Amva chiyankhulo cha kwawo, adzuka. Mwaona timapazi tija? Amenewanso amayi awo anafa akuyang'ana kunjira. Ndiwauze kuti pepani, ndimanena wanga yekha, inu bwererani m'madzi?"

Manong'onong'o aja anali atasiya. Ankamvetsera.

Ndiye a Likagwa anaimirira, mawondo akulira. Anatembenuka n'kutiyang'ana tonse.

"Kodi ife ndi bungwe la chiyani?" anafunsa. "Si ife timatumiza anthu kwawo? Kapena timatumiza okhawo okhala ndi bokosi?"

Anavula chipewa, n'kuyang'ana pakanjira popanda munthu paja, n'kuyankhula ndi mawu awo aja a pamaliro. "Pepani achimwene, mwaima nthawi yaitali. Khalani apa. Ine miyendo ikadalipo." Anatsika. Ndipo ine ndi maso angawa ndinaona mpando wawo ukulowa pansi pang'onopang'ono, nsalu yake ikuda ndi madzi.

Anatsatira ndi mayi uja ankatukwana akuba. Kenako atsikana akumbuyo, kenako achinyamata oseka aja, mafoni ali m'matumba, aliyense podzuka akuti "khalani, bambo," "khalani, mayi," osadziwa kuti akuuza ndani. Ine ndinatsalira, chifukwa ine ndi phiri sitimvana, ndipo nsapato zanga zinali zongotchenera. Koma uja anaima pafupi nane ndinamumva akupuma, kupuma kwa munthu wotopa kwambiri. Manyazi anandigwira. Ndinadzuka n'kuti, "Khalani, abale anga. Koma chipewa changacho musachikhalire." Ndikulumbira, china chake chinaseka pang'ono pafupi ndi khutu langa.

M'basi munatsala dalaivala, amene Vuyiswa anachita kumugwira dzanja kuti abwerere pachiwongolero, ndi Namaseko, ataima pakhomo atagwira chitsulo. Injini inalira. Matayala anagwira. Basi inayamba kukwera, pang'onopang'ono ngati ya maliro, ife tili pambuyo pake wapansi. Chifunga chinatipeza n'kutikuta. Mayi wina anayambitsa nyimbo imene timaimba poperekeza mnzathu, tonse n'kulandira. Vuyiswa sankaidziwa, koma ankang'ung'udza nafe, misozi ikutsika. Ndipo nyimbo ija inkamveka yaikulu kuposa ife. Munali mabesi amene gulu lathu linalibe. Ndikakweza maso ndinkaona mazenera a basi oyera ndi nthunzi, apa ndi apo pali poyera pamene pagunda chipumi, kapena chikhatho, china chaching'ono kwambiri. Ine amene ndimadandaula ndikakwera masitepe a kwa abwana, phiri lonse lija ndinalimaliza osamva mwendo.

Pamwamba tinatulukira m'chifunga n'kupeza dzuwa likadalipo, litapendeka. Kumbuyo kwathu kunali koyera kokhakokha, nyanja osaoneka. Kutsogolo mapiri a udzu wautali, otsatizana mpaka kumene maso amathera. Kunalibe mphepo ngakhale pang'ono. Dalaivala anaimitsa basi n'kutsegula chitseko, Namaseko anatsika n'kuima pambali. Kutali pansi pa chifunga tinamva duu! Nyanja inali itayambiranso.

A Likagwa anaima pakhomo la basi, chipewa chili pachifuwa, n'kuloza kumpoto.

"Abale athu, basi ino sifika kwathu, ithera m'tauni. Koma phiri limene linkakukanikani mwakwera. Kwanu ndi uko. Dzuwa likamalowa lizikhala kumanzere kwanu. Mukawoloka Limpopo, musaime. Mukawoloka Zambezi pa Tete, mwayandikira. Mukayamba kumva fungo la utsi wa mapesi, aliyense adziwa njira ya kwawo." Kenako anawonjezera motsitsa, "Wopita ku Mulanje akanene kuti Likagwa akubwera."

Basi inayamba kupendekera kukhomo. Kupendeka, kubwerera, kupendeka, kubwerera. Ife tinagwada m'mbali mwa msewu tikuwomba m'manja. Matayala anayamba kudzuka tikuona. Ndipo tsidya la msewu udzu unayamba kugawikana. Kanjira kamodzi, kenako kena, kenako tambirimbiri, tonse tolunjika kumpoto, udzu ukugona n'kudzukanso pambuyo pa munthu wosaoneka. Tina tikuyenda tiwiritiwiri, tina tating'ono tikuthamangira kutsogolo n'kubwerera kwa tatikulu. Phiri lonse linkayenda. Chibadwire sindinaonepo chinthu chachikulu chotero, ndipo ndinalira mokweza osachita manyazi.

Basi itasiya kugwedezeka, Namaseko anathamangira m'kati. Ndinamuona pazenera akugwira mpando uja anausunga. Anatuluka nkhope itasokonekera.

"Mipando yonse ndi yonyowa, achemwali. Yonse ndi chimodzimodzi. Ndidziwa bwanji ngati analipo? Ndikawauza chiyani amayi? Sindingawanamize munthu ali pamphasa."

Tinjira tija tinali titafika kale patali, tikuyamba kukwera chitunda china.

Namaseko anawoloka msewu. Analowa mu udzu mpaka m'chiuno. Ndinaona mapewa ake akukwera, akukoka mpweya, manja atafumbata chitenje. Ndipo dzina lija, limene linakhala m'kamwa mwake chikwatiwireni osatuluka, linatuluka mong'amba khosi, mapiri n'kulibweza.

"Damiyano!"

Tinjira tonse tinapitirira. Kamodzi kokha kanaima.

Kanaima pakati pa chitunda, udzu utagawikana, osagwedezeka. Kenako kanayamba kubwerera, kulunjika kwa iye, pang'onopang'ono. Namaseko anagwada mu udzumo, mutu wokha ukuoneka, n'kukweza dzanja.

"Ayi, musabwerere. Ndakuonani, basi. Ine ndibwera pambuyo, Sitela wakula, mukamuona. Koma musaime m'njira, bambo. Amayi sakudya. Akudikira inu."

Kanjira kaja kanakhala chiimire kanthawi. Ndiye kanatembenuka, ndipo abale anga, udzu uja unayamba kuthamanga.